Safunsa Adadya Phula: Za Mphete Zovekerana pa Ulendo

Akale adati safunsa adadya phula. Mwambi umenewu umanena za munthu amene adapeza chisa cha njuchi, koma poti adali wonyada ndi wosafuna kufunsa odziwa, adatafuna phula n'kusiya uchi. Masiku ano mwambiwu wapeza eni ake atsopano, ndiwo anyamata ndi atsikana amene akutomerana pa maulendo okasangalala, kutali ndi kwawo, makolo ndi amalume awo osadziwa kanthu.

Mnyamata wina wa kwa Tengani, wogwira ntchito mumzinda wa Blantyre, adakondana ndi mtsikana wa ku Ngabu. Kwa zaka ziwiri awiriwa adayenda ndithu. Adatsika zitunda za ku Thabwa pagalimoto yobwereka kukaona njovu ku Majete ndi mathithi a Kapichira, adakaona nyala ku Lengwe, adakwera phiri la Mulanje ndi la Zomba. Potsiriza adapita ku Cape Maclear, ndipo kumeneko, dzuwa likulowa, mnyamatayo adagwada bondo limodzi pamchenga n'kutulutsa mphete, wojambula wolipidwa ali chire pambali. Pofika madzulo chithunzi chinali chitafala pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mayi a mtsikanayo adazimvera kuchigayo, kwa mayi mnzawo amene adawafunira mafuno abwino pa nkhani imene iwo sadali kuidziwa. Amalume a mnyamatayo adachita kuonetsedwa pafoni ndi kamdzukulu. Chopweteka n'chakuti kuchokera ku Lengwe kukafika ku Ngabu si mtunda woti munthu n'kudandaula nawo, koma galimoto ija sidakhotereko ndi tsiku limodzi lomwe.

Wina asaganize kuti cholakwa ndi ulendo. Anthu a m'chigwa cha Shire ndi apaulendo kuyambira kale. Njanji yochokera ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje, idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa pa Zambezi mu 1935, sitima inkanyamula anthu mpaka ku Beira. Amuna ambiri adapita ku Salisbury, ena ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Kuyenda kumatsegula mutu, ndipo n'zoona kuti pa ulendo ndi pamene khalidwe la munthu limaonekera: mmene amalankhulira tayala likaphulika, mmene amagawira chakudya chikachepa, mmene amayankhira wapolisi wa pamsewu. Koma apaulendo akalewo ankasiya mabanja awo m'manja mwa ankhoswe. Mwamuna akakhalitsa kunja, nkhoswe ndiye ankalemba kalata yomukumbutsa za ana ake. Akachona, ankhoswe a mbali ziwiri ndiwo ankakhala pansi kuona chochita ndi mkazi wosiyidwayo. Ulendo unkatheka chifukwa kumudzi kunali mizati yogwira nyumba. A lero akufuna ulendo, mizati ayi.

Kodi kutomera n'chiyani? Kwa Amang'anja, monganso kwa Achewa, mnyamata akapeza mbeta amauza amalume ake kapena mkulu wake. Iwowo amapita kwa mwinimbumba wa kuchikazi kukafunsira, ndipo a kuchikazi sayankha tsiku lomwelo. Amayamba afunsa mwana wawo ngati akuwadziwa alendowo ndiponso ngati wavomera ndi mtima wake. Amafufuza za mtundu wa mnyamatayo: kodi sadasiye mkazi kwina, kodi palibe chibale pakati pawo, kodi ndi munthu wogwira khasu kapena wa mowa ndi ndewu. Zikalongosoka ndi pamene pamabwera chinkhoswe, pamene a kuchimuna amapereka tambala, a kuchikazi n'kupereka msoti, ndipo mbali iliyonse imaloza munthu wodzayankha pa za banjalo. Kwa Asena njira ndi ina, pakuti ana amatsata kuchimuna: pamayamba luphato, losonyeza kuti mtsikana watomeredwa, kenako nkhani ya malowolo. Miyambo iwiriyi ndi yosiyana, ndipo mnyamata ndi mtsikana akakhala ochokera mbali ziwirizi pamafunika kukambirana mofatsa za kumene banja lidzakhale ndi kumene ana adzawerengedwe. Koma pa mfundo imodzi Mmang'anja ndi Msena amagwirizana: chitomero ndi pangano la mabanja awiri lochitika pamaso pa mboni zodzakhalapo mawa. Wojambula wa ku Cape Maclear adalandira ndalama zake n'kupita. Tsiku la mkangano sadzapezeka.

Achinyamata ali ndi yankho lawo. Amati banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Mawuwa ndi oona pa malo ake, koma akugwiritsidwa ntchito mopotoka. Kapasule ndi munthu wamiseche, wolowerera za m'nyumba ya eni popanda womutuma. Nkhoswe ndi wotumidwa ndi mbali zonse ziwiri, ndipo ntchito yake ndi kumanga. Mkazi akamenyedwa usiku, khomo loyamba kugogoda ndi la nkhoswe. Mwamuna akadwala, mwana akabadwa, maliro akagwa, uthenga umayenda kudzera mwa nkhoswe. Nchifukwa chake akale adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Amene wakana dambo, moto ukabuka adzathawira kuti? Anzake mazana aja amene adayamikira chithunzi pa intaneti adzangowerenga za kutha kwa chibwenzicho monga adawerengera za kuyamba kwake.

Ndiponso mwambo wa mpheteyo, umene akuuyesa chizindikiro cha kutsogola, suli wakale monga akuganizira. Ngakhale kwa Azungu eni ake, kuti mphete ya dayamondi ifike pokhala ngati lamulo kwa wotomera aliyense zidachitika makamaka chifukwa cha malonda. Kampani ya De Beers, imene idayambira ku migodi ya ku Kimberley ku South Africa, idalipira akatswiri otsatsa malonda a ku America, ndipo kuyambira cha m'ma 1940 anthu adaphunzitsidwa kuti kukula kwa chikondi kumayezedwa ndi mtengo wa mwala. Choncho mnyamata wa kwa Tengani amene akunyoza tambala wa amalume ake kuti ndi zachikale, n'kukatenga katapila kuti agule mphete ndi kulipira chipinda cha kunyanja, sadamasuke ku mwambo ayi. Wangosinthanitsa mwambo wa makolo ake ndi mwambo wa ogulitsa miyala. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngakhale lamulo la dziko silidziwa mphete ya pamchenga. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kumpingo kapena kumzikiti, ndi wa pachikhalidwe. Limavomerezanso kuti anthu ongokhalira limodzi angathe kutengedwa ngati banja, koma izi zimachita kugamulidwa ndi khoti, ndipo pamafunika kuti akhale atakhalira limodzi zaka zosachepera 5. Tsono taganizani za mtsikana amene wavekedwa mphete, n'kulowa m'nyumba ya mnyamata poyesa kuti zonse zatha, n'kubereka mwana, kenako mwamunayo n'kumwalira pangozi chaka chachitatu. Abale a malemu akadzafika n'kunena kuti sakumudziwa, adzaloza ndani kuti amuchitire umboni? Nkhani imaipanso chimodzimodzi wotsogola akakhala mkazi. Kuchigwa kuno si zachilendo kumva kuti maliro achedwa kuikidwa chifukwa a kuchikazi akuti mwamunayo sadaonekere pakhomo, ndipo ayambe walongosola zimene adazizemba mwana wawo ali moyo. Zokambirana zimene zikadachitika pamkeka anthu akuseka zimachitika bokosi lili pakhonde.

Anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa sayenera kuphunzitsidwa za phindu la chibale. Madzi atasefukira mu Januwale 2015, ndiponso namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, ambiri amene nyumba ndi madimba awo zidakokoloka adasungidwa m'misasa, koma enanso ambiri adalandiridwa ndi abale a kumtunda, ena mwa iwo apongozi ndi alamu. Chibale chotere sichimera chokha. Chimabzalidwa tsiku limene amalume a uku adakhala pansi ndi amalume a uko. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mitu iwiri ya ana okondana siingasenze denga lotengedwa ndi Shire.

Komabe chala chisaloze ana okha. Akuluakulu nawonso ali ndi mlandu wawo, ndipo ndi waukulu. Ndani adasandutsa chinkhoswe kukhala phwando la muholo, la zovala zitatu, zokuzira mawu ndi perekaniperekani wa tsiku lonse, mpaka mnyamata wa malipiro ochepa kuopa ngakhale kutchula mawu oti chinkhoswe? Ndani adasandutsa malowolo kukhala msika, kuwerengetsera mkamwini fizi yonse ya mwana kuyambira Sitandade 1 ngati akugulitsa ng'ombe pa Bangula? Ndani ankalandira ndalama za luphato pa kamtsikana ka kupulayimale, mpaka boma lidachita kuika zaka 18 m'lamulo la 2015 ndi kukonzanso malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti ana asakwatiwe? Ndipo ndani adaumirira kupita kufa pamene Edzi inali kumaliza anthu? Mwana amene adaona zonsezi akathawira kunyanja ndi mphete yake, mkulu woona mtima ayenera kuyamba wadzifunsa yekha. Mwambo umene uli wofunika kuuteteza ndi uja wa tambala ndi msoti, wa mawu ochepa ndi mboni zokhulupirika, umene ngakhale mlimi wa thonje angaukwanitse. Zinazo ndi dyera lovala chikopa cha mwambo, ndipo zikatha palibe wodzazilira.

Chimene chikupemphedwa kwa achinyamata n'chochepa. Palibe akuwaletsa kusankha okha wokwatirana naye. Ngakhale kale mtsikana ankafunsidwa. Palibe akuwaletsa kuona dziko lawo, pakuti n'zochititsa manyazi kuti mlendo wochokera ku London adziwe dambo la Elephant Marsh kuposa mwana wobadwira pa Chiromo. Mphetenso payokha si tchimo. Nkhani yagona pa chiyambi ndi chotsatira. Mafuta amene amafikitsa galimoto ku Mangochi angathe kuifikitsanso kwa Tengani. Ayambe atsika msewu wa M1, awoloke mlatho wa Kamuzu, adutse minda ya nzimbe ya pa Nchalo, akagwade kaye pamaso pa amene adawalera, ndipo mabanja awiriwo adziwane. Akatero, bondo la pamchenga lidzakhala chisangalalo chabe, ndipo mayi sadzamvera kuchigayo za mwana wawo.

Za awiri aja, nkhani idakafika pamkeka patapita miyezi inayi. A kuchikazi adalandira alendo mwaulemu, koma adayamba ndi funso limodzi: kodi mwabwera kudzafunsira, kapena kudzatidziwitsa? Amalume a mnyamatayo, munthu wa imvi amene sadalakwe kanthu, ndiwo adawerama n'kupepesa m'malo mwa mphwawo. Chinkhoswe chidachitika ndithu, koma mawu aja sadaiwalike, ndipo mkamwiniyo adzakhala akuwamva m'mitima ya apongozi ake zaka zambiri. Ulendo wa tsiku limodzi, woyenda pa nthawi yake, ukadamupulumutsa ku zonsezi. Mawu a akuluakulu akoma akagonera.