Ng'oma Sidikira Zala

Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Achinyamata ambiri amene akugwira gitala masiku ano mwambiwu adaumva, koma akufuna kutha mtunda wonse ndi kudumpha kumodzi. Mwana atsegula kanema pafoni, aloweza makiyi 12 m'sabata imodzi, kenaka akhala pakhonde kuti aimbe. Akhwatcha G kanayi, aima, asuzumira zala, azisanja pa C, n'kuyambiranso. Imeneyo si nyimbo ayi, ndi chibwibwi. Ndipo mlandu si wa mwanayo, koma wa kaphunzitsidwe kolemekeza dzanja lamanzere n'kunyoza lamanja.

Aliyense amene adaimapo pabwalo la chiwoda kapena mganda adziwa kuti woimba ng'oma saima kuti adikire wovina amene waphonya phazi. Ng'oma imapitirira, wophonyayo n'kuipeza kutsogolo. Pa gitala, ng'omayo ndi dzanja lamanja. Omvera amakhululuka kiyi ikalira moipa, pakuti imadutsa msanga, koma dzanja likaima, mapazi a ovina amasokonezeka ndipo oimba amasowa polowera.

Mbiri ya oimba a kuno ikuchitira umboni. M'chaka cha 1967 Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, adapeza Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, anyamata a ku Chileka, akuimba mumzinda wa Blantyre. Nyimbo za kwela zimene ankaimba zimazungulira pa makiyi ochepa, kawirikawiri atatu okha. Chimene chinkaimitsa anthu panjira sichidali kuchuluka kwa makiyi, koma dzanja losaphonya. Allan Namoko wa ku Thyolo adali wosaona, motero sadasuzumirepo zala zake pa banjo, komabe adavinitsa dziko. Nanga mwana wamaso awiri alekeranji kukhwatcha kuti aone pamene chala chagwera?

Njira yoongoka ndi iyi. Woyamba kumene atenge makiyi awiri okha, C ndi Am, chifukwa ngapachibale. Pa onse awiri chala cha mkombaphala chimakhala pa nsambo yachiwiri, mpata woyamba, ndipo chala chapakati chimakhala pa nsambo yachinayi, mpata wachiwiri, kuwerenga kuchokera ku nsambo yaing'ono. Chosamuka ndi chala cha mphete chokha: chichoka pa nsambo yachisanu, mpata wachitatu, n'kupita pa nsambo yachitatu, mpata wachiwiri. Wotchi yapakhoma imagunda ka 60 pa mphindi, ndipo imeneyo ikwanira kukhala mphunzitsi. Dzanja litsike pa kugunda kulikonse, liwerenge kanayi, kiyi isinthe, dzanja lisaime ngakhale zala zichedwe. Zikamachedwabe, liwiro lichepe, osati dzanja liime. Oimba okhwima amanyamula zala dzanja lamanja likamakwera komaliza, nsambo n'kulira zosagwidwa kwa kamphindi, ndipo khutu siliona cholakwa. Makiyi awiriwo akazolowereka, G ndi D abwere pambuyo.

Ena adzati mwana wophunzira chotere azolowera mawu osamveka bwino, choncho ayambe wayeretsa kiyi iliyonse asanaimbe. Kuyeretsa kiyi n'kofunikadi, ndipo kuli ndi nthawi yake: kuliza nsambo imodziimodzi, kukankhira chala pafupi ndi kachitsulo ka mpatawo mpaka kunjenjemera kwa mawu kutatha. Koma mawu oipa amatha okha zala zikamalimba, pamene chizolowezi choima sichitha chokha. Chimamera mizu, ndipo m'mera mpoyamba. Amene wazolowera kuima pakati pa G ndi C adzaimanso pamaso pa mpingo.

Za kupweteka kwa nsonga za zala palibe chobisa: walira mvula walira matope. Nsambo zachitsulo zimaluma mpaka khungu litalimba, ndipo limalimba ndi mphindi 15 za tsiku ndi tsiku, osati ndi maola atatu a Loweruka lokha.

M'nyumba zambiri muli magitala opachikidwa kukhoma, ogulidwa ndi ndalama za thukuta, eni ake atagamula kuti alibe luso. Luso lidalipo, chidasowa ndi wowauza kuti makiyi awiri oyenda amaposa makiyi 12 opunthwa. Adzukulu amene adapachika gitala aitsitse, aipukute fumbi, akhale pafupi ndi wotchi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.