Woimba saimba yekha

Adzukulu anga, mmodzi mwa inu wandiuza kuti akufuna kupachika gitala, chifukwa akaima pamaso pa khamu mawondo amanjenjemera ndipo kukhosi kumauma. Anzake akumulangiza kuti aziyamba wamwako mowa. Ine ndikukana. Mowa umagonetsa mantha pamodzi ndi khutu lomvera ng'oma.

Mantha amenewa si matenda ayi. Thupi likaona maso ochuluka limatulutsa adrenalin, mtima n'kuyamba kuthamanga. Kokani mpweya, muutulutse pang'onopang'ono, mtima udzakhala m'malo.

Koma mankhwala enieni anatisiyira makolo. Pa chimtali, wotsogolera amangoponya nyimbo, amayi onse m'bwalo n'kuvomera, ng'oma zikulira pakati. Palibe amene amasenza nyimbo yekha. Nsanja ndi maikolofoni ndizo zinalekanitsa woimba ndi omvera ake.

Inenso ndili ku koleji ya aphunzitsi, mawu anandithawa pakati pa nyimbo. Anzanga anavomera mokweza, ine n'kupeza poyambiranso.

Tsono iwe mdzukulu wanga, uziyamba ndi nyimbo imene anthu angavomere. Mutu umodzi susenza denga. Gitalayo usapachike.