Za M'banja Mwathu: Kodi Foni Ingaphunzitse Mwana Kuwerenga?

Mwezi uno tiyamba ndi nkhani imene inatipeza pa msonkhano wa mphakati wathu, umene anzathu a Chibemba amautcha icitente, m'komboni ya Chimwemwe kuno ku Kitwe. Titatha kugawana Mau a Mulungu, mai wina amene kwao ndi ku Katete anatsalira m'mbuyo, natiuza monong'ona kuti mwana wao wamwamuna ali mu Giredi 4 koma satha kuwerenga ngakhale dzina la pa paketi ya sopo. Atate ake anayesa chikwapu, osaphula kanthu. Mnyamatayo ngochangamuka ndithu: pa kantemba ka mai ake amabweza chenji osalakwitsa, koma akangoona buku, m'mimba mumayamba kupota. Tsono mlamu wao wa ku Ndola wawalangiza kuti agule tabuleti yokhala ndi maphunziro. Funso lao linali lakuti, kodi agule, kapena ndalamazo asungire lendi?

Sitinawayankhe tsiku lomwelo, pakuti funso lotere silifuna phuma. Tinayamba taganizira za katundu amene mwana wa banja la Chinyanja amasenza kuno ku migodi. Agogo athu anabwera kudzagwira ntchito ku Nkana ndi ku migodi ina kuyambira m'zaka za m'ma 1930, kuchokera kum'mawa ndi ku Nyasaland, ndipo chinenero chao chinatsalira m'nyumba. Mwana amadzuka ndi Chinyanja, akatuluka pabwalo amasewera m'Chibemba cha m'tauni, akalowa m'kalasi amakumana ndi Chibemba cha m'buku pamodzi ndi Chingelezi. Kuyambira mu 2014 ana a Giredi 1 mpaka 4 anayamba kuphunzira m'chinenero cha dera lao, chimene kuno ku Copperbelt ndi Chibemba. Dongosolo latsopano limene linayamba kulowa m'masukulu mu 2025 labwezeranso Chingelezi patsogolo. Onjezanipo kuti sukulu zitakhala zaulere mu 2022 makalasi anadzaza thothotho, ngakhale boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho. Mphunzitsi wa khamu lotere angamve bwanji pamene lilime la mwana mmodzi likupunthwa?

Apa mpamene makina ali ndi mwai umene munthu alibe: satopa, sakwiya, ndipo saseka mwana akalakwa kakhumi. Chitsanzo chimene chinayesedwa m'dziko lathu lino ndi sewero lotchedwa GraphoGame, limene linapangidwa pa yunivesite ya Jyväskylä ku Finland motsogozedwa ndi Profesa Heikki Lyytinen. Iwo anatha zaka zambiri akutsata ana obadwa m'mabanja okhala ndi vuto la dyslexia, ndiko kuti kuvutika kugwirizanitsa malembo ndi maliwu ake ngakhale nzeru zili bwino lomwe. Seweroli ndi losavuta. Mwana amavala zomvera m'makutu, namva liwu, mwachitsanzo "ma", ndipo pa galasi pamaoneka malembo angapo kuti asankhe loyenera. Akakhoza, sewero limalimbako. Akalakwa, limabwerera pamene pavuta, kotero kuti mwana amakhoza kawirikawiri ndipo sataya mtima. Zolakwa zake zonse zimasungidwa, kuti wamkulu aone malembo amene akumusokoneza.

Akatswiri a pa University of Zambia anayesa seweroli m'Chinyanja, pa mafoni am'manja, m'masukulu a boma a mu Lusaka, ndipo ana a Giredi 1 okwana 573 analowa nao m'kafukufukuyo. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2014, pansi pa dzina la Jacqueline Jere-Folotiya ndi anzake. Ana amene anasewera anapambana anzao pa kulemba mau molondola. Koma chimene tikufuna kuti makolo achigwiritse ndi ichi: phindu lalikulu linaoneka m'makalasi momwe mphunzitsi nayenso anasewera, osati ana okha. Foni inathandiza kwambiri pamene wamkulu anadziwa chimene foniyo ikuphunzitsa.

Nanga n'chiyani chimene akuluakulu sitidziwa? Zosungidwa m'sewero lija zinavumbula chinthu chimene chiyenera kutichititsa manyazi pang'ono, pakuti gwero lake lili m'nyumba mwathu. Timakondwa mwana wa zaka zinai akamaimba nyimbo ya malembo a Chingelezi pamaso pa alendo, timuombera m'manja, timupatsa switi. Koma taonani: m'Chingelezi dzina la lembo a limamveka ngati "e" wathu, dzina la e limamveka ngati "i" wathu, ndipo dzina la i limamveka ngati "ai". Mwanayo akafika m'kalasi, mphunzitsi nati lemba "i", iye amalemba e, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wakhoza. Malembo atatu mwa asanu a liwu asokonekera tsiku loyamba. Pamene Chinyanja ndi Chibemba zimalembedwa monga momwe zimamvekera, ndipo mwana wodziwa a, e, i, o, u ndi maphatikizo ake angathe kuwerenga m'miyezi yowerengeka, ife timamutchera msampha ndi nyimbo imene tinkayesa mphatso. Sitikunena kuti nyimboyo ndi tchimo. Tikuti liwu la lembo liyambe, dzina lake la Chingelezi lidikire.

Mai uja titamufotokozera zimenezi pa msonkhano wotsatira, anabweretsa kope la mwana wake. Pamene panayenera kukhala "amai" panalembedwa "amae", ndipo masamba atatu onse anali ndi zolakwa za mtundu womwewo. Sitingalamule kuti vuto la mnyamatayo ndi lokhali. Mwina maso ake afunika kupimidwa, mwina makutu, mwina ndi dyslexia yeniyeni, imene ifuna mphunzitsi wa maphunziro apadera. Koma chikwapu chija chinkagwa pa mwana amene ankachita ndendende zimene anaphunzitsidwa.

Pali ana ena amene kwa iwo makina sali sewero konse, koma khomo lokhalo lolowera m'buku. Maphunziro a ana osaona m'dziko muno anayambira kwathu kum'mawa, pa mishoni ya Magwero pafupi ndi Chipata, mu 1905, ndipo kuno ku migodi tili ndi sukulu ya Ndola Lions. Kwa zaka zambiri njira inali imodzi, ya timadontho tisanu ndi kamodzi ta Louis Braille, ndipo buku limodzi la osindikiza likasandulizidwa m'timadontho limakhala mtolo wa mabuku. Lero kompyuta imatha kuwerenga mokweza zonse zolembedwa pa galasi. Pulogalamu ya JAWS ndi yogula. Ya NVDA, imene anaiyamba mu 2006 ku Australia anyamata awiri osaona, Michael Curran ndi James Teh, ndi yaulere. Ndipo m'mafoni a Android muli kale TalkBack, imene ambiri a ife tili nayo m'thumba osadziwa. Mwana wa manja opuwala, amene sangagwire pensulo, angathe kulankhula foni n'kumalemba. Mwana wa maso ofooka angathe kukulitsa malembo. Komabe tisataye timadontho tija, chifukwa womvera pokha sadziwa kalembedwe ka mau, ndipo tsiku lina adzafuna kulemba kalata yofunsira ntchito.

Chodandaula chathu n'chakuti mau a m'makinawa anapangidwira Chingelezi ndi zinenero zina zazikulu. Mukawapatsa Chinyanja amachitchula ngati mlendo amene wangotsika ndege ku Ndola, ndipo kachipangizo kokonza zolakwa kamasandutsa mau athu abwinobwino kukhala Chingelezi chopanda mutu. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014 ndi Chibemba mu 2024, koma kumasulira ndi kwina, kuphunzitsa mwana katchulidwe ndi kwinanso. Ndipo ife a Chinyanja tili ndi kamfundo kathu: kusukulu za muno amalemba "cimanga", pamene mabuku ambiri osindikizidwa ku Malawi, amene ali m'nyumba mwathu, amalemba "chimanga". Kholo likatenga pulogalamu pa intaneti liyambe laona kuti ikutsata kalembedwe kati, kuopa kuonjezera msampha wachiwiri pa woyamba.

Za tabuleti ya mlamu uja tinanena mosabisa. Zipangizo zabwino zilipo; ZEduPad ya iSchool, imene inadzatchedwa Mwabu, inabwera ndi maphunziro a pulayimale m'Chingelezi ndi m'zinenero zathu. Koma pa msika pali zambiri zonyezimira zimene m'kati mwake muli nyimbo ya malembo yomwe ija ndi zithunzi za maapulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tikumbukenso 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo makomboni athu ankakhala mumdima pafupifupi tsiku lathunthu: mphunzitsi wodalira moto wa magetsi anali pa tchuthi miyezi yambiri. Tinawalangiza kuti lendi alipire, ndipo ayambe apita kwa mphunzitsi wa mwanayo ndi kope lija m'manja, akafunse ngati pali pulogalamu ya maliwu a malembo imene iyeyo amaidziwa, yokhoza kulowa m'foni imene ili kale m'nyumba. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu madzulo zikwana, wamkulu ali pambali, kenaka foni izimitsidwe, pensulo ndi pepala zitenge malo. Foni ikasiyidwa m'manja mwa mwana yekha, tonse tidziwa kumene imathera.

Mumphakati mwathu tagwirizana kuti Loweruka lililonse, katekisimu asanayambe, ana amene akuvutika azikhala ndi mphunzitsi wina wopuma pa ntchito, amene wadzipereka, ndi mafoni atatu obwereka kwa makolo. Tinaikapo lamulo limodzi, lakuti kholo lobweretsa mwana lisathawe, likhale pa benchi lomwelo n'kuvala nalo zomvera zija. Loweruka loyamba kunabwera ana asanu ndi awiri ndi amai asanu ndi mmodzi. Atate a mnyamata uja anabwera Loweruka lachitatu, atachoka ku shifiti ya usiku, ndipo foni itatchula "i", chala chao chinapita pa e.