Nsomba yomwe adaiikira maliro isadafe

Mu 2008 bungwe la IUCN lidalengeza kuti Salvelinus profundus, kansomba ka mtundu wa char kokhala pansi penipeni pa nyanja ya Constance m'tsinde mwa mapiri a Alps, kadatheratu. Chidakasowetsa n'chodziwika: zonyansa za m'zimbudzi, sopo wochapira ndi feteleza zidachulukitsa ndere, ndipo nderezo powola zidachepetsa mpweya pansi pomwe kamaikira mazira.

Mu 2014 akatswiri atavuula maukonde awo, si kansomba kaja aka!

Wina anganene kuti ndi mwayi chabe. Ayi ndithu. Germany, Austria ndi Switzerland adathira ndalama zankhaninkhani pomanga malo osefera madzi oipa asanalowe m'nyanjamo. Ndalama zoterozo andale satulutsa msanga, poti pansi pa nyanja palibe woponya voti, koma ndizo zidayeretsanso madzi a kansombaka.