Musawotche dzina lija, tiyeni tikambirane kaye

Amayi anzanga ndi makolo nonse a kwa Mkhumba, Migowi ndi madera ozungulira, lero ndili ndi nkhani ya tattoo. Ndikudziwa ena mwayamba kale kukwinya nkhope. Werengani mpaka kumapeto.

Mwana wanu analembetsa dzina la chibwenzi padzanja ali ku sekondale kapena ali ku Joni. Chibwenzicho chinatha, dzinalo lilipobe. Pano akufuna kumanga banja, mwina kulowa kwaya, ndiye pakhomo pavuta. Apa ndi pomwe ena amalakwitsa: amawotcha ndi chitsulo chamoto, kupala ndi lezala, kapena kudonthezapo asidi wa batire. Chonde musatero, ndipo musamukakamize. Inki sikhala pamwamba ngati utoto wa pakhoma. Imakhala m'kati mwa khungu, n'chifukwa chake sopo saichotsa. Kuti muifike ndi moto muyenera kuwononga khungu lonselo, ndipo chotsala ndi bala lochita mafinya, lomwe lingalowetsenso kafumbata.

Maganizo anga ndi awa: ngati munthu ndi wamkulu ndipo sangathe kukhala nacho chizindikirocho, kuchiphimba ndi chithunzi china n'kwabwino kuposa kuchiwotcha. Koma asathamange. Kuthamanga ndi komwe kunabweretsa dzina loyambalo.

Choyamba yang'anani khungu. Ife akhungu lakuda timachita zipsera zotupa, zija azachipatala amati keloid, kawirikawiri kuposa azungu. Ngati pomwe anabooledwa ndolo, pomwe anatemedwa mphini, kapena pa tattoo yakaleyo panatupa n'kuuma, ameneyo asabayidwenso. Chipseracho chikhoza kukula kuposa balalo, chimayabwa, ndipo ngakhale chitadulidwa chimakonda kubwereranso. Mayi woyembekezera adikire. Wodwala shuga ayambe waonana ndi dokotala, mabala ake sachedwa kuvuta.

Chachiwiri ndi singano. Agogo athu ankatemana mphini ndi lumo limodzi mudzi wonse, koma ife tikudziwa zomwe magazi amanyamula. Kachirombo ka Hepatitis B, kamene kamawononga chiwindi, kamakhala ndi moyo masiku 7 kapena kuposa m'magazi ouma. Kamafala mosavuta kuposa HIV. Kuno ku Malawi katemera wake analowa m'gulu la akatemera a ana m'chaka cha 2002, choncho ambiri obadwa chisanafike chaka chimenecho sanabayitse kusikelo. Kupukuta singano ndi kachasu sikokwanira. Singano ikhale yatsopano, yotsegulidwa iye akuona, inki yothiridwa m'kachibekete kakekake, wojambulayo atavala magolovesi. Inki ya bolopeni, mwaye, makala a m'batire, zimenezo ayi.

Tsopano za chithunzicho. Si ntchito yanga ya unamwino, koma ndinenako. Inki yowala siphimba yakuda. Chatsopanocho chiyenera kukhala chachikulu ndi chakuda kuposa chakalecho, ndiye kuti bala lalikulunso. Dzina silingaphimbidwe bwino ndi dzina lina, ndipo ine ndingati mayina a zibwenzi alekeni ndithu. Asankhe chinthu chomwe sichidzamusiya: phiri la Michesi lomwe akuliona m'mawa uliwonse, duwa la mpendadzuwa lomwe pakati pake pakuda pangabise zilembo, kapena mtengo wa masamba ambiri wokumbukira agogo. Achijambulitse papepala, achimate pakhoma mwezi wathunthu. Chikamusangalatsabe, achiyerekeze padzanja ndi cholembera, aone ngati zilembo zakale zikubisikadi. Adzifunsenso ngati adzachikonde ali ndi zidzukulu.

Akabayidwa, pamatenga sabata 2 mpaka 4 kuti pamwamba papole. Azitsuka ndi sopo ndi madzi oyera, asatokosole nkhanambo, asalowe m'madzi a kudambo kapena m'munda wa mpunga. Musapakepo zitsamba, phulusa kapena mankhwala otsukira mano. Pakayamba kutentha, kutupa mopitirira, kutuluka mafinya, kapena iye akamva malungo m'thupi, tsiku lomwelo apite kuchipatala chapafupi, kaya ku Migowi, ku Holy Family kapena kuchipatala chachikulu cha boma. Ndipo ngati tattoo yoyamba ija anabayidwa ndi singano yobwerekana, akayezetse HIV, afunsenso za Hepatitis B.

Inu amayi, mwana akaona kuti mukalipa amabisa balalo m'malaya a mikono yaitali mpaka litanunkha. Mufunseni modekha madzulo ano akuonetseni dzanjalo.