Zigoba za m'miyala ya ku Svalbard zikutiuzanji za kutentha kwa dziko?

Mwina munamvapo wina akunena pa wailesi kapena pa WhatsApp kuti kusintha kwa nyengo si nkhani yodetsa nkhawa, chifukwa dziko lakhala likutentha ndi kuzizira kuyambira kalekale. Mbali ina ya mawuwa ndi yoona: nyengo yasinthadi kambirimbiri. Koma inu makolo ndi mavolontiya a zaumoyo, amene anthu amakufunsani mafunso otere, muyenera kudziwanso zimene zinagwera zamoyo pa nthawi zimene dziko linatentha mofulumira. Umboni wina uli kutali kwambiri ndi kwathu kuno, m'miyala ya ku Svalbard.

Svalbard ndi gulu la zilumba za dziko la Norway, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi m'chigawo cha Arctic. Madzi oundana anakuta gawo loposa theka la zilumbazi, ndipo m'tawuni ya Longyearbyen dzuwa silituluka kwa miyezi pafupifupi inayi m'nyengo yozizira. Komabe m'mapiri akumeneko muli zigoba zosawerengeka za tinyama ta m'nyanja yamchere, zimene zinauma n'kusanduka mwala. Zambiri ndi za tinyama totchedwa brachiopod. Zigoba zoterezi zimapezekanso kumpoto kwa Greenland ndi pachilumba cha Ellesmere ku Canada.

Brachiopod ndi kanyama kokhala ndi zigoba ziwiri, china pamwamba china pansi. Kamakhazikika pansi pa nyanja, nthawi zambiri kali chomangirira pamwala ndi kaphesi kake, ndipo kamasefa madzi kuti kapeze chakudya ndi mpweya wa okosijeni. Asayansi alemba mitundu yoposa 12,000 ya ma brachiopod akale, koma yomwe ilipo lero ndi pafupifupi 400 yokha.

Zigoba za m'nyanja zinafika bwanji pamwamba pa mapiri a kumalo ozizira chonchi? Nthaka ya dziko lapansi ili m'zidutswa zikuluzikulu zimene zimasuntha masentimita ochepa chabe pachaka. Pa zaka mamiliyoni mazanamazana, masentimita amenewa amakwana makilomita zikwi zambiri. Zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo, malo amene lero ndi Svalbard anali kum'mwera kwambiri poyerekeza ndi pamene ali pano, pansi pa nyanja yosaya ndi yofunda. Anasunthira kumpoto pang'onopang'ono, madzi ake n'kumazizirako, ndipo pambuyo pake miyala ya pansi pa nyanjayo inakankhidwira m'mwamba. Pamalo otchedwa Festningen miyalayi inachita kuimirira, moti munthu akamayenda m'mbali mwa gombe amadutsa miyala ya zaka zosiyanasiyana motsatana bwino.

Miyala ina kumeneko, yotchedwa Kapp Starostin, ndi ya nyengo imene asayansi amaitcha Permian, ndipo ndi yodzaza ndi ma brachiopod. Mukapitirira n'kufika pamiyala yotsatira, mitundu yambiri ija siipezekanso. Malire amenewa ndi a zaka pafupifupi 252 miliyoni zapitazo, pamene kunachitika imfa ya zamoyo yaikulu kuposa ina iliyonse yodziwika. Mwa mitundu 100 iliyonse ya zamoyo za m'nyanja, yoposa 80 inatheratu. Nyengo ya Permian ilinso ndi mboni zake kwathu kuno: malasha a ku Mchenga ndi mafupa a nyama zakale opezeka ku Chiweta, m'boma la Rumphi, ndi a nyengo yomweyo.

Chinayambitsa imfayi ndi chiphalaphala chamoto chimene chinatuluka pansi kudera limene lero ndi Siberia. Chinafalikira dera lalikulu, chinawotcha malasha ndi miyala ina ya pansi panthaka, ndipo mpweya wochuluka wa carbon dioxide unalowa mumlengalenga. Mpweya umenewu umatsekereza kutentha kuti kusachoke padziko. Asayansi amadziwa kutentha kwa madzi akalewo poyeza okosijeni wotsalira m'zigoba ndi m'timano ta nyama zina za m'nyanja, pakuti kuchuluka kwa okosijeni wopepuka ndi wolemererako kumatsatira kutentha kwa madzi pa nthawi imene kanyamako kankakula. Miyesoyi ikusonyeza kuti madzi a m'madera otentha anakwera ndi madigiri pafupifupi 10.

Mmene kutenthaku kunaphera zamoyo si zachilendo kwa inu amene munasamalirapo mwana wodwala chibayo. Thupi lake likatentha limafuna okosijeni wochuluka, pamene mapapo ake akulandira wochepa, n'chifukwa chake amapuma mofulumira. M'nyanja zinalinso choncho. Madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa kusiyana ndi ozizira, pomwe nyama zokhalamo zimafuna wochuluka zikatenthedwa. Mu 2018, Justin Penn, Curtis Deutsch ndi anzawo anafalitsa kafukufuku mu magazini ya Science wosonyeza kuti kutentha ndi kuchepa kwa okosijeni ndizo zinapha gawo lalikulu la zamoyo za m'nyanja pa nthawiyo. Anapezanso kuti za m'madera ozizira zinavutika koposa, popeza zinalibe malo ena ozizira othawirako. Ma brachiopod ambiri alibe njira yamphamvu yoyendetsera okosijeni m'thupi ndipo sangasamuke pamene akhazikika. Pamwamba pa izi, carbon dioxide akasungunuka m'madzi amawonjezera asidi, ndipo kupanga chigoba kumavuta.

Tsopano yerekezani ndi lero. Mafakitale asanayambe kuwotcha malasha ndi mafuta kwambiri, carbon dioxide anali pafupifupi magawo 280 pa magawo 1 miliyoni a mpweya. Pano wapitirira 420. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linalengeza kuti 2024 chinali chaka choyamba kutentha ndi madigiri oposa 1.5 poyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900. Kafukufuku wa mu 2022 anapeza kuti kuyambira 1979 chigawo cha Arctic chatentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse, ndipo mu July 2020 ku Longyearbyen kunatentha kufika madigiri 21.7, zimene zinali zisanalembedwepo kumeneko. Nyanja zamchere zataya pafupifupi magawo awiri pa 100 a okosijeni wake kuyambira 1960.

Musauze anthu kuti imfa ya ku Permian yabweranso, chifukwa sitinafike pamenepo. Chiphalaphala cha ku Siberia chinatulutsa mpweya wochuluka kwambiri kuposa umene anthu atulutsa, ndipo zinatenga zaka zikwi makumimakumi. Chofanana ndi njira yake: carbon dioxide achuluka, dziko litentha, okosijeni achepa m'madzi, asidi akwera. Chosiyana n'chakuti lero zikuchitika m'zaka mazana awiri okha, ndipo gwero lake ndi malasha, mafuta, gasi ndi kudula nkhalango, zinthu zimene maboma angathe kuchepetsa.

Malawi imatulutsa mpweya wochepa kwambiri poyerekeza ndi mayiko olemera, koma zotsatira zake zimatipeza. Mpweya wofunda umanyamula chinyezi chochuluka, ndipo akatswiri a World Weather Attribution anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula ya namondwe Ana mu 2022. Mvula yotere ikakokolola zimbudzi ndi kuwononga mijigo, kolera imapeza mpata, ndipo mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ngakhale m'nyanja ya Malawi, madzi ozama kupitirira mamita 200 kapena 250 alibe okosijeni, moti nsomba zathu zonse zimadalira madzi apamwamba okha.

Choncho wina akadzanena pamsonkhano wa m'mudzi kuti nyengo imasintha kale, muvomerezeni, kenako mumuuze zimene zinagwera ma brachiopod itasintha mofulumira. Mukatero bwererani ku zimene zili m'manja mwanu: tsatirani machenjezo a nthambi yoona zanyengo, thirani klorini m'madzi akumwa mvula ikayamba, konzani zimbudzi madzi asanasefukire, ndipo pa masiku otentha kwambiri onetsetsani kuti ana, amayi oyembekezera ndi okalamba akumwa madzi okwanira ndi kukhala pamthunzi.