Mpini Uyenerane ndi Dzanja la Mwana

Pamene dziko la Zambia, litangolandira ufulu mu 1964, linatsimikiza mtima kumanga mzinda wa mafakitale m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, pa mtunda wa makilomita oposa 40 kummwera kwa Lusaka, ndi kuitana akatswiri a Doxiadis a ku Greece kuti alembe mapulani a misewu ndi nyumba zimene lero tizitcha Kafue Estates, cholinga chinali chakuti wantchito wa ku Nitrogen Chemicals, wa ku Kafue Textiles ndi wa kofufuta zikopa kwa Bata akhale ndi pogona, pophunzitsira ana ake, ndiponso powongolera thupi akaweruka. Mafakitale ena anatsekedwa, ena akupuma movutikira, koma ana sanaleke kubadwa, ndipo sanaleke kusewera. Mpira wamiyendo ndiwo unazika mizu yakuya, kotero kuti Patson Daka, amene anasulidwa ku Kafue Celtic, anakafika ku Leicester City mu 2021. Tenisi yatsalira m'mbuyo, ndipo aliyense woikonda akafunsidwa chimene chikusowa, amatchula mabwalo, mipira ndi aphunzitsi. Zonsezo nzoona. Koma pali kanthu kena kamene sitikatchula, kamene kali m'chikhatho mwenimweni mwa mwana, ndiko mpini wa raketi. Ndipo ine nditi kanthu kameneka tikhoza kukakonza tokha, chaka chomwe chino, osadikira munthu wochokera kutali.

Raketi zambiri zimene zimafika m'manja mwa ana athu sizinagulidwe poyesa dzanja lawo. Zina nzochokera pa salaula, zina nzamphatso za abale ndi anthu akufuna kwabwino, ndipo zochuluka mwa izo zinapangidwira amuna aakulu a maiko ozizira. Tengani imodzi muiyang'anitsitse. Chokulungira chake chakale chayamba kunyenyeka, chikusiya zakuda zomata m'chikhatho. Mwini wake watsopano, pofuna kuchiphimba, wazenga pamwamba pake malegeni a chubu cha njinga, nabwerezabwereza, namanga kumapeto ndi tepi ya magetsi. Mpini umene unali kale waukulu wasanduka chimtengo chobulungira ndi choterera. Mtsikana wa zaka 9 akaugwira, zala zake sizikumana; amakweza dzanja kufupi ndi khosi la raketi kuti aichepetse kulemera, amafinya ndi mphamvu zonse mpaka mitsempha ya mkono kuoneka, ndipo likafika dzuwa la mu Okutobala, thukuta likatsikira m'chikhatho, mphira ija imapulumuka ngakhale afinye chotani. Mpira ukapita kuthengo, timati mwanayo alibe luso.

Chimene chimandiwawa mtima nchakuti nzeru yokonzera zimenezi tili nayo kale, ndipo tinaisiya pakhomo pomwe tinalowa m'bwalo la masewera. Akale anati nkhwangwa ikhulupirira mpini. Mkulu wosema mipini ya makasu sankasema chisemeseme: ankafunafuna mtengo wolimba wokhala ndi mfundo kumutu kuti msuka wotenthedwa pamoto ukalowa usaung'ambe, ankausiya uume, ndipo popala ndi kasemasema ankaugwiragwira, kuuyesa m'dzanja, napalanso, kufikira utakhala bwino. Khasu la mayi silinali lofanana ndi la bambo, ndipo mwana woyamba kupita kumunda ankamusemera kake kakang'ono, pakuti ankadziwa kuti chida chosayenerana ndi mwini wake chimabala matuza ndi ulesi. Ngakhale kafukufuku amene mabungwe a IFAD ndi FAO anafalitsa mu 1998, atacheza ndi amayi olima m'maiko asanu a mu Afirika, Zambia ili pomwepo, anapeza dandaulo lomweli, lakuti zida zambiri zogulitsidwa nzolemera ndipo opanga ake sanafunse amayi amene amazigwiritsa ntchito. Ngati tsono mlimi adziwa kuti dzanja ndilo liyenera kulamula mpini, nchifukwa ninji tiyembekezera mwana kuti apinde dzanja lake kutsata mpini wa munthu wa ku Ulaya?

Opanga raketi nawonso, tiyenera kuwayamikira, sanachite mwachisawawa. Mpini wa raketi si wobulungira. Uli ndi mbali 8, ndipo mbali zimenezi si zokometsera ayi. Wosewera alibe nthawi yoyang'ana m'dzanja mwake pamene mpira ukubwera. Chimene chimamuuza kumene nkhope ya raketi yaloza ndi ngodya zimene zikumukhudza m'chikhatho ndi m'zala. Akaika mfundo ya chala cha mkombaphala pa mbali yachiwiri kuchokera pamwamba, wagwira monga mmene munthu agwirira nyundo, ndipo kagwiridwe kameneko, kotchedwa continental, ndiko koyambira mpira ndi komenyera pafupi ndi ukonde. Akasunthira pa mbali yachitatu, nkhope ya raketi imayang'anizana ndi mpira mwachindunji. Akafika pa yachinayi, amatha kuupala mpirawo kuchokera pansi kuti uzungulire, udumphe ukonde, nugwere msanga m'bwalo. Kusuntha konseku kumachitika m'kuphethira kwa diso, kambirimbiri pa masewera amodzi, popanda kuganiza. Munthu amene wazenga malegeni mpaka ngodya zonse kufafanizika wachotsa maso a dzanja, ngakhale anachita ndi mtima wabwino. Kutsinde kwa mpini nakonso anakukulitsa dala, kuti pamene mkono wazunguza raketi ndi liwiro, pakhale pokodwa chikhatho, chida chisauluke.

Kukula kwa mpini kuli ndi miyeso yake, ndipo kawirikawiri nambala yake imalembedwa kutsinde kapena pakhosi pa raketi. Manambala a akuluakulu amayambira pa 0 kufika pa 5: wa 0 ukauzunguliza ndi chingwe umakwana mainchesi 4, pafupifupi mamilimita 102, ndipo nambala iliyonse imawonjezera mamilimita ngati 3, kufikira wa 5 umene uli ndi mamilimita ngati 118. Wina anganene kuti mamilimita atatu nchiyani. Koma mpira umakhala pa zingwe za raketi kwa nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, ndipo ukagunda pambali, osati pakati, raketi imafuna kupotoka m'dzanja. Mpini ukachepa kwambiri umazungulira, wosewera nafinya mopitirira kuti augwire. Ukakula kwambiri zala sizitseka, dzanja limauma pamfundo, ndipo kusintha kagwiridwe kumachedwa. Madokotala amasiyana maganizo pa nkhani yakuti kukula kwa mpini kumathandizira motani kupweteka kwa chigongono kumene osewera tenisi amadandaula nako, ndipo sindifuna kuopseza makolo ndi matenda. Koma kutopa kwa mkono umene wafinya kosalekeza sikufuna dokotala kuti akuone. Ndipo tisaganize kuti dzanja lamphamvu lifuna mpini waukulu: Rafael Nadal, amene anapambana mpikisano waukulu wa ku Roland Garros maulendo 14, ankagwiritsa ntchito wa nambala 2.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Mwana agwire raketi monga apatsa munthu moni, ndipo alowetse chala cha mkombaphala cha dzanja linalo pampata umene watsala pakati pa nsonga za zala ndi mnofu wa pansi pa chala chachikulu. Chikalowa bwinobwino, mpini wamuyenera. Chikakanika kulowa, wachepa. Chikamasewera mumpatamo, wakula. Pokayika pakati pa miwiri, nkwabwino kusankha wocheperapo, chifukwa kuwonjezera nkosavuta koma kuchepetsa ndi ntchito. Utali nawo uli ndi malire ake. Raketi ya wamkulu imakhala mainchesi 27, pamene za ana zimapangidwa za mainchesi 19, 21, 23 ndi 25; ndipo bungwe loyendetsa tenisi padziko lonse, la ITF, linalamula kuti kuyambira mu 2012 mipikisano ya ana a zaka 10 kutsika pansi izichitika ndi mipira yofewa, yofiira, yalalanje kapena yobiriwira, imene siidumpha kupitirira msinkhu wawo. Eni masewerawo anavomereza kuti mwana si munthu wamkulu wofupika. Ife tokha ndife tikumusenzetsabe zida za Sauli, zimene ngakhale Davide anazivula asanapite kuchigwa.

Ndikudziwa chimene ena adzayankhe, ndipo sindichipeputsa. Adzati wosauka sasankha, ndipo mphatso siiyesedwa pa sikelo. Adzakumbutsa za katswiri wa tenisi Arthur Ashe, amene mu 1970 anayendera maiko a mu Afirika pamodzi ndi Stan Smith nafika kuno ku Zambia, ndipo chaka chotsatira, ali ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, anaona mnyamata wa zaka 11, Yannick Noah, namupatsa raketi. Mnyamatayo ndiye anadzapambana ku Roland Garros mu 1983, nakhala mwamuna womaliza kutenga chikho chachikulu chotero ndi raketi yamtengo. Adzafunsa kuti, kodi Noah anayesedwa chikhatho? Yankho langa nlakuti Noah sanasiyidwe yekha ndi mphatso ija; anatumizidwa ku Nice, ku France, kumene aphunzitsi anamuyang'anira tsiku ndi tsiku. Ndiponso luso lotero limaboola mwala uliwonse, koma ana ambiri a ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound ndi ana wamba, amene akamva kuwawa masabata oyamba amaika raketi pansi osadzaitolanso, ndipo palibe amene amawawerenga. Kupatsa nkuika, inde; koma wopatsa wanzeru amafunsa kaye msinkhu wa wolandira. Iwo amene amatumiza zida kuchokera ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku London sangakhumudwe akalandira kalata yaulemu yonena kuti tili ndi ana angapo a zaka zakutizakuti, tikupempha raketi zazifupi ndi zokulungira zatsopano, zimene ndi zopepuka kutumiza kuposa raketi yathunthu. Chimene chimatilepheretsa kulemba kalata yotero ndi manyazi, ndipo manyazi athuwo amalipiridwa ndi mkono wa mwana.

Koma sindifuna kuti chiyembekezo chathu chonse chikhale pa mphatso, pakuti m'tauni imene inadziwika ndi zikopa ndi nsalu simungasowe manja odziwa kudula, kupala ndi kusoka. Wosoka nsapato wokhala pakhonde la sitolo pamsika wa ku Estates ali ndi zonse zofunika: mpeni wakuthwa, guluu, ndi zidutswa za chikopa chopyapyala. Kale lomwe, raketi zisanayambe kupangidwa ndi chitsulo ndi graphite, mipini inkakulungidwa ndi chikopa, ndipo kufikira lero akatswiri ena amachikondabe, chifukwa sichibisa ngodya. Ntchito yake ili motere. Amasule zonse zakale, malegeni ndi zonyenyeka zomwe, napale guluu wouma kufikira mbali 8 zija zitaonekanso. Adule lamba wa chikopa wa masentimita awiri ndi theka m'lifupi, wotalika kupitirira pang'ono mita imodzi, napale m'mphepete mwake kuti posanjikizana pasatumphuke. Ayambire kutsinde, akukoka mwamphamvu ndi kukwera mozungulira, mphepete ikungopsompsona inzake, namange pamwamba ndi tepi. Afunse ngati mwanayo ndi wamanzere, pakuti wamanzere amamukulungira mobwerera kuti mizere itsate zala zake. Kungochotsa chokulungira chochindikala chija ndi kuika chikopa chopyapyala kumachepetsa mpini ndithu. Mpini ukakhala wamtengo, mmisiri wa matabwa akhoza kupala mbali iliyonse mofanana, pang'onopang'ono, akuyesa m'dzanja la mwini wake. Koma wa graphite wamphako asaukhudze ndi tupa, chifukwa akauboola watha. Ukakhala wochepa, amate timizere ta katoni yolimba pa mbali iliyonse payokhapayokha, osati kuzenga mozungulira, kuti ngodya zikhalebe zakuthwa.

Za thukuta ndinganene mwachidule. Chikopa chikanyowa chimaterera, ndipo nchifukwa chake osewera amaika pamwamba pake kansalu kopyapyala komwa thukuta, kamene amakasintha kakatha. Telala angadule lamba wotero ku nsalu ya thonje yofewa; sadzafanana ndi wa m'sitolo, koma adzaposa mphira kutalitali, ndipo akhoza kuchapidwa.

Amene ayenera kuyamba ndi aphunzitsi a zamasewera m'sukulu zathu, za pulayimale ngakhale za sekondale monga Naboye, pamodzi ndi makolo amene agulira ana awo raketi. M'mera mpoyamba: kagwiridwe kamene mwana aphunzira chaka choyamba ndiko amakula nako, ndipo kumumasula dzanja limene linazolowera kufinya kumatenga nthawi yaitali kuposa kumuphunzitsa bwino pachiyambi. Asonkhanitse raketi zonse zimene zili m'makabati ndi pansi pa mabedi, aziyale pa tebulo, awerenge manambala a kutsinde, ayese ana mmodzimmodzi, nalembe pa raketi iliyonse msinkhu woiyenera. Zotalika ndi zolemera zisungidwire anyamata ndi atsikana a m'makalasi apamwamba. Aang'ono, ngati zazifupi palibe, ayambe ndi timatabwa topalasa mpira tosemedwa ndi mmisiri, tokhala ndi mpini wa mbali 8 woyesedwa pa dzanja lawo, akumenyera pakhoma ndi mpira wofewa. Ndipo zotsalazo azinyamule apite nazo kwa wosoka nsapato, mwana aliyense ali pambali pa raketi yake, kuti mmisiriyo aone dzanja limene akulikonzera.